Nyengo yozizira nayonso ili ndi maluwa ake

Ambiri a ife timakumbukira maluwa mvula ikagwa. Mu Disembala chilichonse chimene waponya pansi chimamera, mpanda umabiriwira, ngakhale pakhomo popanda wosamala pamaoneka bwino. Koma ikafika Juni, chimanga chili m'nkhokwe, udzu wauma, kamphepo kakuuluza fumbi ndi makoko, pabwalo pamangoti mbuu, ndipo timavomereza kuti nyengo yozizira ndi mmene imakhalira. Timasesa, kuwaza madzi kuti fumbi ligone, basi.

Ine zimenezi sindigwirizana nazo. Juni ndi Julayi ndiyo miyezi imene timakhalitsa panja m'mawa, kuothera dzuwa pakhonde ndi kapu ya tiyi ndi mbatata yophika, ndipo apa m'pamene maso amafuna poti ayang'ane. Lilipo duwa limene limakonda kuzizira komweko kumene zomera zina zimakuopa. Dzina lake ndi pansy. Kuno ku Dedza ndimalidzala chaka ndi chaka, ndipo zimene ndikulemba pano ndikulembera munthu amene ali ndi kamalo kochepa pakhomo, kapena zidebe zingapo pakhonde, amene sanayesepo kapena anayesa n'kugwa mphwayi.

Chomera chake ndi chachifupi, sichipitirira masentimita 20 kapena 25, ndipo chimayanga pang'ono m'mbali. Mukagwada n'kuyang'anitsitsa duwa limodzi, mupeza timasamba tisanu: tiwiri m'mwamba tosanjikizana, tiwiri m'mbali, kamodzi kotambalala m'munsi kokhala ndi kanyindo pakati. Pamene timasamba ta m'mbali ndi ka m'munsi tikumanirana pali banga lakuda bii, nthawi zina lofiirira, ndipo kuchokera pa bangalo pamatuluka timizere topyapyala tolowera pakati, pomwe pali kadiso kachikasu. Timizere timeneti timalondolera njuchi kumene kuli timadzi totsekemera. Mukalikhudza ndi chala limamveka ngati nsalu ya veleveti. Mitundu yake ndiye musanene: achikasu, oyera, abuluu, apepo, ofiira modera, mpaka ena akuda ndithu. Ana amati maluwawo ali ndi nkhope, ndipo sanama. Bedi lonse likaphuka, nkhope zonsezo zimatembenukira kumene kuli dzuwa.

Kuti munthu amvetse khalidwe la pansy, ayenera kudziwa kumene anachokera. Kholo lake ndi kaduwa kakutchire ka ku Ulaya, kotchedwa Viola tricolor, kamene kamamera kokha m'minda ndi m'madambo a kumeneko, kokhala ndi maluwa ang'onoang'ono a mitundu itatu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ku England, mayi wina wa m'banja lolemera, Lady Mary Elizabeth Bennet, anasonkhanitsa mitundu yonse ya kaduwaka imene anaipeza n'kuidzala m'munda wa bambo ake ku Walton-upon-Thames. Pa nthawi yomweyo, ku Iver m'dera la Buckinghamshire, wosamalira maluwa wa Lord Gambier, dzina lake William Thompson, ankakwatitsa kaduwaka ndi abale ake ena, monga Viola lutea wachikasu ndi Viola altaica wochokera kumapiri a ku Asia. Anagwira ntchitoyi zaka zambiri, akusankha chomera chimodzichimodzi, ndipo cha m'ma 1839 anatulutsa mtundu wotchedwa Medora, umene unali ndi banga lakuda lija m'malo mwa timizere tokha. Nkhope imene ana amaiona lero inayambira m'manja mwa munthu wantchito ameneyo. Zimandikhudza ndikaganiza kuti anali munthu wodzuka m'mawa n'kugwira dothi, amene anaona chachilendo pa kachomera kamodzi n'kusakazula.

Makolo onsewo ndi a kumalo ozizira, ndipo mwana sanasinthe. Ngakhale m'bale wawo wa kuno kwathu, Viola abyssinica, kaduwa kakang'ono kotuwira ku buluu, simungakapeze m'mbali mwa nyanja. Kamamera m'mwamba, m'mphepete mwa nkhalango za kumapiri monga ku Nyika ndi ku Mulanje. Ambiri a m'banja limeneli ndi okana kutentha.

Choncho funso loyamba si la feteleza kapena mankhwala. Ndi lakuti mumakhala kuti, ndipo ndi mwezi wanji. Pansy amasangalala usiku ukamazizira, masana osapitirira kwambiri madigiri 20. Kachisanu kochepa ka m'mawa, kamene kamawaula masamba a tomato ndi nyemba m'madimba a kuno, iye sakamva. Amawerama pang'ono, dzuwa likatuluka n'kudzukanso. Koma masana akayamba kufika madigiri 27 kapena 30 tsiku ndi tsiku, amatalika mopanda mphamvu, maluwa amachepa kukula, kenako amaleka. Ku Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, nyengo yake ndi yaitali. Chimodzimodzi ku Lizulu, ku Tsangano, kutsidya kwa malire ku Angónia, ku Mzuzu, ndi kumtunda kwa Zomba, Thyolo ndi Mulanje, kumene chiperoni chimabweretsa nkhungu ndi kamvula kowaza. Ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Chipata amachita bwino kuyambira Juni mpaka Ogasiti, bola asamapsye ndi dzuwa lamasana. Muyeso wosavuta ndi uwu: kumene mbatata ya kachewere ndi kabichi zimachita bwino popanda kulimbana nazo, pansy achitanso bwino. Abale a ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima ndi Karonga ndikuuzeni zoona, duwa limeneli likuvutitsani pachabe. Marigold, zinnia ndi vinca amakonda kutentha kwanuko, ndipo adzakubwezerani thukuta lanu.

Kuchokera pofesa kufika poona duwa loyamba pamadutsa masabata 10 mpaka 12. Apa m'pamene ambiri amaphonya. Munthu amaona maluwa okongola kwa mnzake mu Julayi, amathamanga kukagula mbewu, amafesa mu Ogasiti, ndipo mbande zake zimakula kukakumana ndi dzuwa la Okutobala. Kenako amati mbewuyo inali yabodza. Mbewu inalibe vuto, kalendala ndiyo inalakwika. Ngati mukufuna maluwa mu Juni, fesani kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, mvula ikuyamba kukata, pamene anzanu akuganiza zosanja chimanga. Kumalo okwera mukhoza kufesanso kachiwiri mu Meyi kuti mudzakhale ndi ena otsatira pambuyo.

Samalaninso ndi zolembedwa kuseri kwa paketi. Mbewu zochokera ku South Africa zimatchula miyezi yoyandikana ndi yathu, chifukwa nyengo yozizira timagawana. Ku Johannesburg ma pansy amadzadza m'minda ndi m'misewu miyezi yomweyi ya Juni ndi Julayi. Koma m'bale wanu wa ku Britain akakutumizirani paketi, miyezi yolembedwapo ndi ya kumeneko. Iwo amawokera mu Seputembala ndi Okutobala kuti maluwa adutse nawo m'chisanu mpaka Epulo. Mukatsata zimenezo kuno, mwawotcha mbewu. Yang'ananinso deti pa paketi. Mbewu ya pansy sichedwa kutha mphamvu, makamaka ikakhala pa shelefu yowombedwa ndi dzuwa.

Aliyense amene anafesapo kabichi kapena repu pa nazale akudziwa kale theka la ntchitoyi. Theka linalo ndi zinthu ziwiri zimene pansy amafuna mwapadera: mdima ndi kuzizira. Njere zake ndi zazing'ono, zochepa kuposa chitowe, zosalala, zofiirira. Ine sindifesa pansi. Ndimatenga beseni lakale loboola kunsi kapena kabokosi kathabwa, n'kuthiramo dothi losefa losakaniza ndi kompositi yowolerana bwino ndi mchenga wa kumtsinje, muyeso wofanana. Ndimalinyowetsa kaye, lidonthe, kenako ndimayala njere motalikirana, chala chimodzi pakati pa ina ndi inzake, n'kuwazapo dothi lopyapyala longokwanira kuzibisa. Pamwamba ndimavundikira ndi katoni kapena thumba lonyowa, n'kuika beseni pamalo ozizira kwambiri pakhomo, kuseri kwa nyumba kumene dzuwa silifika, pansi pa denga kuti mvula yomaliza isakokolole. Njere zimamera bwino kukakhala madigiri 18 mpaka 21. Kukatentha kwambiri zimangogona.

Pakatha sabata imodzi yambani kusuzumira m'mawa uliwonse. Nthawi zambiri zimatuluka pakati pa masiku 7 ndi 14, ndipo sizitulukira pamodzi. Choyamba mumaona kakhosi koyera kopindika, kakukankha dothi, mutu ukadali pansi. Mawa lake kawongoka, timasamba tiwiri tatseguka, nthawi zina khoko la njere likadali kunsonga. Mukangoona zoyamba, chotsani chovundikira tsiku lomwelo n'kusunthira beseni poyera pamene pali kuwala koma popanda dzuwa lamasana. Mukachedwa masiku awiri okha, mbande zimatalika zoyera, zofooka, ndipo sizidzalimbanso.

Mdani wamkulu pa msinkhu umenewu ndi chifundo chathu chomwe. Timathirira mopitirira. Kambande kamaoneka bwinobwino madzulo, m'mawa kagwa, tsinde lake lafota pamene likhudzana ndi dothi. Ndi matenda a nkhungu za m'nthaka, amene amakonda chinyezi chosauma ndi mpweya wosayenda. Njira yowapewera ndi kuthirira kuchokera pansi: ikani beseni m'chotengera china chokhala ndi madzi ochepa, dothi likoke lokha, kenako litulutseni. Musathirirenso mpaka pamwamba patayamba kuuma.

Mbande zikakhala ndi masamba enieni anayi mpaka asanu ndi limodzi, zakwana kuwokera. Ena amazidutsitsa kaye m'machubu, ndipo ndi nzeru yabwino ngati bedi silinakonzeke. Malo abwino ndi amene amalandira dzuwa lam'mawa n'kukhala ndi mthunzi masana akapsa, ndiye kuti kum'mawa kwa nyumba. Kumbukirani kuti mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho khoma loyang'ana kumwera limakhala mumthunzi pafupifupi tsiku lonse, ndipo pamenepo pansy amangochita masamba, maluwa ochepa. Kuno kumtunda dzuwa la tsiku lonse silimuvuta. Ku Lilongwe ndingasankhe kum'mawa.

Dothi likhale lofewa, lachonde, losasunga madzi. Katondo wathu wofiira amauma gwa, ndipo makande amamata. Onsewa amafuna kompositi yambiri ndi mchenga kapena mankhusu a mpunga owola, ndipo bedi likwezedwe pang'ono. Manyowa a khola akhale akale, ozizira, osanunkhanso. A nkhuku aawisi amatentha mizu. Pali chizolowezi china chimene ndikupemphani muchisiye pa bedi limeneli: kuthira phulusa. Pansy amakonda dothi lowawasa pang'ono, pamene phulusa limachotsa kuwawasako. Likachuluka, masamba a kunsonga amasanduka achikasu, mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira, chifukwa chomera chikulephera kutenga ayironi m'dothi, ndipo matenda owoletsa mizu amapezerapo mwayi.

Wokerani madzulo. Siyani masentimita 15 mpaka 20 pakati pa chomera ndi chinzake, ndipo musakwirire pamtima, pamene masamba amatulukira. Pakhale molingana ndi dothi monga mmene zinalili m'beseni. Tsinderani ndi zala, thirirani, phimbirani ndi udzu wouma wopyapyala koma osaugunditsa kutsinde. Kumene kuli chiswe, udzuwo uchepe. Ngati mwagula mbande kwa ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, musathamangire zimene zadzaza maluwa kale. Sankhani zazifupi, zonenepa, zobiriwira modera, zokhala ndi mphundu zosatseguka. Pemphani kuti muone mizu: ikhale yoyera, osati yakuda kapena yonunkha.

Amene alibe malo asadandaule, pansy ndi duwa la m'chidebe ndithu. Mizu yake siipita pansi kwambiri. Ndowa yothibuka, mphika wosweka m'kamwa, chigubu chodula pakati, zonsezi zimagwira ntchito malinga zili ndi mabowo kunsi ndiponso kuya kwa chikhatho chimodzi ndi theka. Ubwino wa chidebe ndi wakuti mu Seputembala mukhoza kuchinyamula n'kuchithawitsa dzuwa. Ndipo amene mumachita lendi, tsiku losamuka munda wanu umakwera nawo galimoto.

Za madzi ndinene mosabisa, chifukwa iyi ndi nyengo yopanda mvula ndipo madzi amagulidwa kapena kusenzedwa pamutu. Bedi laling'ono, lotalika mamita awiri, silimwa zambiri. Lowetsani chala m'dothi mpaka pa mfundo yoyamba. Ngati kuli chinyezi, dikirani. Ngati kwauma, thirirani mokwanira, m'mawa, patsinde, osati pamasamba. Kheni imodzi yothira bwino imaposa kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba ndi abwino. A sopo wochapira zovala ayi. Masiku a chiperoni, pamene nkhungu ikhala tsiku lonse, musathirire n'komwe, chifukwa masamba akagona onyowa amagwidwa mawanga ndi matenda oyera ooneka ngati ufa wowazidwa pamasamba. Zidebe zimauma msanga kuposa bedi, makamaka mphepo ya mwera ikamawomba mu Julayi ndi Ogasiti, ndiye zimafuna diso.

Feteleza achepe. Kamodzi pa masabata awiri kapena atatu, madzi a manyowa osungunula mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka amakwanira. Amene ali ndi D compound akhoza kuthira pang'ono pokonza bedi. Urea wotsala kumunda wa chimanga musamuyandikize. Amabweretsa masamba ambiri ofewa, nsabwe n'kubwera, maluwa osaoneka.

Ntchito imene ndimaikonda kuposa zonse, ndipo ndi imene imasiyanitsa bedi lophuka mwezi umodzi ndi lophuka miyezi inayi, ndi kubudula maluwa ofota. Chomera chilichonse cholinga chake ndi kubereka njere. Duwa likafota n'kusiyidwa, kuseri kwake kumatupa kachibalobalo kobiriwira, mphamvu yonse n'kupita kumeneko, ndipo chomera chimaona kuti ntchito yatha. Mukalichotsa, chimayambiranso. Koma musangothothola timasamba tofota tokha, chifukwa kachibalobalo katsala. Tsatirani kaphesi ka duwalo ndi zala ziwiri mpaka pamene katulukira pa tsinde, n'kutsina pamenepo ndi chikhadabo. Kamaduka ndi kaphokoso kochepa, konyowa, n'kusiya kafungo ka msipu pa zala. Oyamba kumene amavutika kusiyanitsa mphundu ndi duwa lofota, popeza zonse zimaoneka zopindika. Mphundu imakhala yolimba, yosongoka, yoweramira pansi, mtundu wake wowala. Lofota limakhala lofewa, lamakwinya, m'mphepete mwake mwauma. Pakatha masiku ochepa zala zimadziwa zokha. Ndimachita zimenezi m'mawa, madzi a tiyi ali pamoto, ndipo pogwada pamenepo m'pamene ndimaonanso china chilichonse chimene chayamba kulakwika.

Zolakwikazo sizichuluka. Nsabwe zobiriwira zimaunjikana kunsonga ndi kunsi kwa masamba. Zikachepa zifinyeni ndi zala, zikachuluka poperani madzi osakaniza ndi sopo wamba pang'ono kapena madzi a masamba a nimu, madzulo. Nkhono zimadya usiku n'kusiya mabowo ndi kanjira konyezimira. Tulukani ndi tochi muzitole. Mukapeza mbande yadulidwa patsinde, fukulani pafupi pomwepo, mupeza mphutsi yotuwa itadzipinda. Chomera chikafota dothi lili lonyowa, ndiye kuti mizu yawola: chizuleni ndi dothi lake, mukachitaye kutali, osati pa kompositi. Koma kunena zoona, pakhomo pa kwathu kuno woononga wamkulu ndi nkhuku. Bedi lofewa lothiriridwa ndi pamene zimafuna kupalasa. Kampanda ka nsungwi kapena timitengo taminga tozika mozungulira n'kofunika kuyambira tsiku lowokera.

Tsiku lina mayi wina wachikulire wa m'dera lathu anaima pa mpanda, nayang'ana bedi kwa kanthawi, n'kufunsa kuti, "Kodi mwanawe, zimenezi zimadyedwa?" Ndinayankha kuti, "Eya amayi, amadyedwa, koma sindinadzalire zimenezo." Anaseka, kenako anati, "Ndiye mundipatseko kachikasuko, ndikaike pakhomo." Ndinawapatsa m'chitini. Ndi zoona kuti maluwa a pansy amadyedwa. Ophika makeke amawaika pamwamba pa keke, ena m'saladi, malinga sanapoperedwe mankhwala. Koma funso lawo ndimalimva kawirikawiri, ndipo kuseri kwake kuli maganizo akuti dothi ndi madzi ndi za chakudya basi, maluwa ndi a kuhotela, kutchalitchi ndi kumanda. Maganizo amenewa ndimawamvetsa, chifukwa njala timaidziwa, ndipo sindingauze munthu kuti azule mpiru adzale maluwa. Koma agogo athu omwewo ankatsutsuta nyumba ndi dothi la mitundu, kujambula pakhoma, kuluka mphasa ndi mikeka yamawangamawanga. Kukongoletsa pakhomo si chinthu chobwera. Mzere umodzi wa pansy m'mphepete mwa bedi la repu sulanda ndiwo malo, ndipo umaitana njuchi pa nthawi imene kutchire kulibe maluwa ambiri.

Seputembala akamapita kumapeto, muona kusintha. Zomera zimatalika n'kugwera m'mbali, maluwa amachepa, mtundu umazilala. Kumtunda mukhoza kuzidula ndi sizasi kusiya theka, kuthirira, ndipo zimaphukanso kamodzi. Kumalo otsikirapo musalimbane nazo. Madzi amene mungathire mu Okutobala kuti zikhale ndi moyo ndi ambiri, ndipo sizibwerera mwakale. Ku Ulaya chomerachi chimatha kukhala zaka ziwiri kapena kuposerapo, koma kuno tichitenge ngati cha nyengo imodzi.

Musanazule, ngati mukufuna mbewu, siyani kubudula pa zomera ziwiri kapena zitatu zimene zakusangalatsani kwambiri, kuyambira mu Ogasiti. Kachibalobalo kamakhala koweramira pansi kakadali kanthete. Kakakhwima kamadzuka n'kuloza kumwamba, kamatuwa, kenako kamang'ambika patatu, ndipo mbali zitatuzo zikamauma zimafinya njere n'kuziponya kutali. Mukachedwa tsiku limodzi mupeza chopanda kanthu. Choncho thyolani kakangodzuka, ikani mu envelopu ya pepala, katsegukire momwemo. Njere zikauma, sungani m'botolo lotseka bwino pamalo ozizira ndi amdima, mulembepo chaka. Dziwani kuti ngati paketi yanu inalembedwa F1, kutanthauza mbewu ya haibridi, ana sadzafanana ndi makolo: maluwa amadzakhala ocheperapo, mitundu yosakanikirana, ena obwerera ku maonekedwe a kaduwa kakutchire kaja. Ine ndimawakondabe otero, ndipo nthawi zambiri amakhala olimba, ophuka mochuluka. Wofuna akuluakulu enieni agule paketi yatsopano chaka chilichonse.

Mukazula, bedi limenelo lidzaleni zina za dzinja, monga marigold kapena nyemba, ndipo chaka chamawa pansy apite pa malo ena, chifukwa matenda a mizu amatsalira m'dothi. Dothi la m'zidebe likhuthuleni kumunda, zidebezo muzitsuke n'kuziyanika padzuwa. Ndipo pa kalendala ya chaka chamawa, pa sabata yomaliza ya Malichi, lembanipo kuti mufese.